Dzimbiri Limene Amayi Anakwecha

Yeoville, Joni
18 Ogasiti 1996

Okondedwa Atate,

Ndisanapereke moni ndifunse kaye, chifukwa funso ili landikhala pakhosi kuyambira pa malire a Chanida. Ndani anaika lamulo loti munthu akamaliza koleji azikhala pakhomo kudikira kalata ya boma yomulemba ntchito? Ku Chadiza aliyense amalisunga ngati lili m'Baibulo. Ine ndinalisunga chaka chathunthu, dipuloma yanga ya sayansi ya mulabu ili m'sutukesi, ntchito yanga kukupatsirani sipanala pamene mukukonza njinga za anthu pamsika. Kalatayo sinabwere. Ndiye musandikwiyire kuti ndinanyamuka.

Tsopano moni. Muli bwanji Atate? Nanga amayi, mwendo uja ukutupabe? Ine kuno ndili bwino. AStefano anandisamala m'lole mwawo njira yonse, kudzera ku Tete mpaka kuno, ndipo anandisiya m'manja mwa msuweni wawo aPhilomena. Amenewa ndi mayi a ku Angonia, Chichewa chawo n'chathu chomwe, amagulitsa zitenje pa msika wa Lamlungu. Tikugona chipinda chimodzi, m'mwamba mwa nyumba yosanjikizana. Kukuzizira koopsa, koma bulangeti ndagula.

Ntchito ndaipeza. Musanyadire msanga, si ya mulabu. Ndi kafakitale kopanga tinthu togulitsa kwa alendo odzaona dziko: topsinjira mapepala pa desiki, tokolekera makiyi, mawotchi apakhoma. Timapanga ndi rezini. Ganizani za utomoni wa mtengo, koma woyera ngati madzi, wolemera ngati uchi. Ukathiramo timadontho ta mankhwala ake n'kuutsanulira m'chikombole, umayamba kutentha wokha, kenaka umauma kuti gwa, n'kumaonekera ngati galasi. Chilichonse chimene waikamo chimakhala momwemo mpaka kalekale. Ife timaikamo maluwa ouma, zigoba za kunyanja, ndi tinjovu tapulasitiki topaka utoto wagolide. Tinjovu, tinjovu, tinjovu, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ndayamba kutilota.

Nditangoyamba kumene ndinawafunsa abwana chifukwa chake sitiikamo chitsulo chenicheni m'malo mwa pulasitiki yonamizira golide. Anati, "Chitsulo chimang'amba rezini, aliyense amadziwa zimenezo." Ndinati, "Aliyenseyo ndani? Anayesa liti?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Iwe wabwera kudzathira kapena kudzafunsa?" Anzanga anaseka. Aseke.

Pangano lathu ndikulikumbukira. AHedi a ku Zingalume asunge malo a uphunzitsi aja mpaka sukulu zidzatsegulidwe mu Januwale. Ndikalephera kuima pandekha kuno, ndidzabwera ndekha kudzagwira choko, simudzachita kunditumira munthu. Koma mpaka Januwale mundisiye.

Malipiro oyamba sanatuluke. Akatuluka ndipatsira aStefano ya mankhwala a amayi.

Ine mwana wanu,
Felicia

22 Seputembala 1996

Atate,

Landirani moni wanga pamodzi ndi amayi. Ndamva kuti mwendo wayamba kuphwa, ndathokoza Mulungu. Ine ndili bwino, ndipo lero ndili bwino kuposa masiku onse, cholembera chikuchita kuvina m'dzanja.

Mukukumbukira tcheni chakale cha njinga chimene munamangira sutukesi yanga loko itathyoka? Chouma chija, chimene girizi anatha kalekale? Ndachidula. Musadandaule, mumve kaye.

Pa nthawi ya chakudya chamasana ndakhala ndikutolera rezini yotsalira m'makapu, imene amataya. Koyamba ndinaponya kachidutswa ka tcheni m'chikombole n'kudzaza kamodzi. Chotulukamo chinang'aluka pakati kuti ng'aa, ndinachibisa m'thumba la ovololo. Chachiwiri chinadzaza thovu lokhalokha. Ndinakhala pansi n'kuganiza monga anatiphunzitsira ku koleji, ndipo ndinaona kuti abwana amanena zoona theka lokha. Chitsulo sichidana ndi rezini ayi. Vuto ndi kutentha ndi chinyontho. Ukathira yambiri nthawi imodzi imatentha mopitirira, ndiye pozizira rezini ndi chitsulo zimakokana, china kuno china uko, mpaka kung'aluka. Ndinayamba kuumitsa chitsulo pa sitovu, kuchipaka kaye rezini pang'ono ndi kaburashi, kenaka kumathira pang'onopang'ono, yapansi iume, ndiye ina pamwamba. Kuleza mtima kumene mumati ndilibe kuja, Atate, ndinakupeza. Kunali kudikira chinthu chodikirika.

Chitatuluka m'chikombole ndinachipala ndi sandipepa n'kuchipukuta. Atate inu! Dzimbiri lija, limene timati ndiko kufa kwa chitsulo, m'kati mwa rezini limafiira kuti psuu ngati dothi la ku Pembamoyo mvula itangogwa, mwina mwake ngati golide. Tcheni chikuoneka ngati chikuyandama m'madzi oyera.

Lero aPhilomena anandipatsa kangodya ka tebulo lawo kumsika. Anati, "Ika apo zinyalala zakozo, koma usandithawitsire makasitomala." Dzuwa lisanafike pamutu panaima mayi wina wachizungu amene ali ndi sitolo ya zinthu za alendo ku Rosebank. Anatola chimodzi, anachitembenuza, anachiunika kudzuwa, n'kufunsa kuti chitsulochi n'cha chiyani. Ndinati n'cha njinga zimene zimanyamula chimanga ndi odwala kwathu ku Zambia, ndipo wokonza wake ndi atate anga. Anagula zonse zimene ndinali nazo, osatsitsa mtengo. Akufuna bokosi lodzaza Disembala asanafike pakati, alendo a Khirisimasi asanachuluke. Mawu ake ndi awa: zikhale zakale chomwechi, zadzimbiri.

APhilomena kuchokera pamenepo sakutinso zinyalala. Akuti "katundu wathu".

Tsopano ntchito yanu. Debe lija la kuseri kwa nyumba, limene amayi amakuopsezani chaka ndi chaka kuti adzalitaya kudzala: matcheni akutha, masipoko, mano a fuliwiro, mabelu osalira, mavalavu, timipira ta m'habu. Zonse zilowe m'thumba, mupatse aStefano ulendo uno. Mutumize momwe ziliri.

Ndawapatsira marandi zana limodzi. Theka ndi mankhwala a amayi, otsala muyambe kusungira feteleza, mtengo usanakwerenso.

Mwana wanu,
Felicia

20 Okutobala 1996

Atate,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo.

AStefano afika chimanjamanja. Akuti thumba silinakonzeke, amayi anati lidikire ulendo wina. Kukonzeka chiyani, Atate? Kukhuthula debe m'thumba kumafuna komiti? Masabata akutha, ine ndangokhala kuyang'ana zikombole zopanda kanthu. Zitsulo zakutha kuno zilipo, koma ndi za magalimoto ndi mafiriji. Mzungu uja ndinamuuza za njinga za kwathu, sindikufuna kuyamba malonda anga ndi bodza.

Abwana ndawauza. Ndinaona kuti akadzazindikira okha adzati ndimaba. Ndinaika chimodzi chabwino pa desiki pawo. Anachigwetsa dala pansi kuti aone ngati chisweke. Sichinasweke. Anachitola, anachinunkhiza ngati ndi mango, n'kuti, "Kamodzi ndi mwayi chabe." Tapangana kuti Loweruka masana ndizigwiritsa ntchito zikombole zawo ndi makina opukutira, rezini azindidula pa malipiro. "Zikang'aluka usadzandilirire." Ndinati pa ntchito sindinalirepo. Ndipo ndi zoona, pa ntchito sindinalirepo.

Ndime iyi musawerenge mokweza, amayi angadandaule. AStefano akakuuzani kuti anandipeza ndikutsokomola, ndi fungo la rezini chabe, tonse m'fakitale muja timatsokomola. Zala zasupuka pang'ono, ndagula magolovesi. Akakuuzaninso kuti masiku ena sindinagone kunyumba ndipo aPhilomena anachita kukanditenga, imeneyo inali nkhani ya mapepala okhalira m'dziko lino, inatha. Ndidzakufotokozerani pakamwa. Kuno munthu umaphunzira kuyenda osatsegula pakamwa m'minibasi, chifukwa lilime ndilo limakuulula kuti ndiwe wakunja.

Mwati aHedi anakuimitsani pamsika kufunsa za ine. Auzeni kuti Januwale sanafike.

Denga la khitchini mufolere mvula isanayambe. Ng'ombe ya ngolo musagulitse ngakhale wina abwere ndi mtengo wokoma bwanji. Ndipo thumba, Atate. Thumba.

Felicia

10 Novembala 1996

Atate,

Moni. Thumba lafika. Ndathokoza aStefano amene analinyamula, ndathokozanso mtedza umene amayi anaikamo, takazinga kale. M'thupi ndili bwino.

Kuyambira apa musawerenge mokweza.

Atate, munali kuti? Ndinamasula thumba ndikuyembekeza dzimbiri, ndinapeza chitenje chatsopano. M'chitenjemo, mapepala. M'mapepalamo, zitsulo zowala kuti waliwali ngati zatuluka m'sitolo lero. Tcheni chilichonse, sipoko iliyonse, kampira kalikonse, zonse zokwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka mbee. Dzimbiri ngakhale kadontho. Ndipo zonse zili noninoni, zikununkha saladi, mafuta ophikira.

AStefano ndi amene andifotokozera, akuseka mpaka kugwira khoma. Akuti amayi ataona inu mukukhuthulira debe m'thumba anakulandani. "Mwana wanga akamasule zonyansazi pamaso pa azungu? Adzati kwawo kulibe mayi." Akuti anaitana anzawo a Chigwirizano a kutchalitchi, anayala mphasa kuchitsime, n'kumakwecha tsiku ndi tsiku ngati mapoto a paukwati, uku akuimba. Pomaliza anapaka saladi kuti zisachite dzimbiri panjira. Saladi, Atate, amene amachita kudontheza m'ndiwo kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi!

Ndinalemba kuti momwe ziliri. Ndinalemba m'Chichewa. Mzungu uja akufuna dzimbiri. Dzimbirilo ndiye katundu, ndiye Januwale wanga. Ntchito imene mvula ya ku Chadiza inagwira pa zitsulo zimenezo zaka zonsezi, amayi aichotsa ndi mchenga. Inu munaima pomwepo osawaletsa? Ndikukudziwani, munati "izi ndi za azimayi" n'kubwerera ku njinga zanu. N'chifukwa chake kwathu sikusintha. Aliyense amachita chimene anazolowera, ngakhale utamulembera ndi zilembo zazikulu.

Nthawi yoitanitsa thumba lina palibe, ndipo debe mwakhuthula kale. Ndizipukuta ndi nsanza, Loweruka likudzali ndithira. Mwina mzunguyo alandira zowala. Kaya.

Apa yambaninso mokweza. Amayi, zikomo chifukwa cha mtedza ndi chitenje chokongola. Mvula ikagwa musapite kumunda ndi mwendo umenewo, mupeze waganyu, ndalama yake ndatumiza.

Mwana wanu,
Felicia

1 Disembala 1996

Atate, ndi inu Amayi, popeza ndamva kuti mumamva zonse,

Muli bwanji? AStefano andiuza kuti chimanga chamera bwino ndipo khitchini sikudontha. Andiuzanso kuti Atate amawerenga kalata monga amawerengera mawu a Mulungu kutchalitchi, osadumpha chilembo. Akuti atafika pamene ndinalemba kuti "musawerenge mokweza", anawerenga mawu amenewonso mokweza, anakonza magalasi, n'kupitiriza. Atate, koma inu!

Amayi, uthenga wanu wafika wonse, aStefano sanachotseko. Akuti mwati, "Dzimbiri likanakhala ndalama, bwenzi atate ake ali ndi basi." Akuti mwatinso simudzakhudzanso kanthu kanga. Moni simunatumize, ndipo zandipweteka. Manja anu anachita matuza chifukwa cha ine, ine n'kukulipirani ndi mawu otere. Pepani Amayi. Za mapepala zija munamvanso, musade nkhawa, zinathadi.

Tsopano mumve zimene zinachitika, kuti mudziwe kuti chilango ndalandira kale. Loweruka lija ndinadzaza zikombole zonse za abwana. Ndinapukuta ndi nsanza, inde, koma ndinafulumira. Saladi anali atabisala m'mfundo za matcheni. Rezini itatentha, mafuta anatuluka. Lolemba ndinapeza zonse zili mbuu ngati madzi otsukira mpunga, zina zomata, zokana kuuma. Abwana anaimitsa ntchito, anaitana anthu onse. Ananyamula chimodzi m'mwamba n'kuti, "Bwerani mudzaone ntchito ya apulofesa athu." Loweruka andilanda, rezini adula pa malipiro. Mwezi uno ndatumiza zochepa, mwaona nokha.

Nditafika kunyumba ndinatulutsa sutukesi pansi pa bedi. APhilomena anati, "Ulendo wa kuti?" Ndinati, "Kukagwira choko." Anati, "Choko sichithawa, mwana iwe. Ndiye dipuloma yakoyo imangodziwa kulongedza? Bweza sutukesiyo, ukundiponda zitenje." Ndinakhala pa sutukesipo. Kenaka ndinadzifunsa kuti kodi dzimbiri n'chiyani. Chitsulo, madzi ndi mpweya, basi. Ukaonjeza mchere ndi viniga limabwera mothamanga. Phunziro la chaka choyamba, ndipo mayeso ake ndinakhoza.

Ndinaphwanya zoonongekazo ndi hamala kuti ndipulumutse zitsulo. Ndinaziwiritsa m'madzi a soda mu mphika wa aPhilomena mpaka mafuta onse atayandama, ndinazitsuka ndi sipiriti, ndinazimwaza pa lata padenga la nyumba yathu. M'mawa ndisanapite ku ntchito ndimakwera kukawaza mchere ndi viniga, poweruka chimodzimodzi. Mvula ya kuno imagwa masana ndi ziphaliwali, ikundithandiza. Zayamba kufiira. APhilomena akuuza aliyense wokumana naye pa masitepe kuti, "Mayi ake anakwecha, mwana akulima dzimbiri padenga. Banja limeneli likufunika mapemphero." Mphika wawo ukununkha njinga, akuti ndidzawagulire wina ndikadzalemera.

Rezini ndagula kachitini kangakanga. Zikombole ndapanga ndi tizitini ndi timabakuli tapulasitiki, ndikuthira pakhonde. Mabelu ndi mavalavu sindinawakweze padenga, chifukwa ndi a mkuwa wachikasu, sachita dzimbiri. Ndinangowawiritsa, ali m'katoni, akuwala monga munawasiyira Amayi. Sindikudziwa chochita nawo.

Nthawi yatsala pang'ono. AHedi musawayankhe kanthu.

Ndine mwana wanube,
Felicia

19 Disembala 1996

Atate,

Iyi muwerenge mokweza, ndipo mukamaliza muyambirenso. Amayi akhale pafupi, asanamizire kuti ali kukhitchini.

Moni nonse! Ndikhulupirira muli bwino, chimanga chikukula. Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndikuimba pa masitepe.

Dzimbiri la padenga linagwira. Silinafike pa la ku Chadiza, la kwathu ndi lakuya, ili ndi lowala ngati khungu la lalanje, koma m'rezini likuoneka bwino. Palibe chimene chinang'aluka, palibe cha mbuu. Vuto linali lakuti bokosi silinadzaze, chifukwa zitsulo zina zinapindika pophwanya paja. Ndiye kuti lisaoneke lopepuka ndinathiranso mabelu ndi mavalavu aja, n'kuwaika pansi penipeni, kuti mwina mzunguyo asawaone msanga.

Amayi, mabelu amene munakwecha ali ndi maluwa. Munawaona? Pa zivindikiro pali timaluwa, nyenyezi, pena mutu wa mkango, zonse zinali zitakwiririka ndi litsiro la zaka. Ine ndi mkwiyo wanga sindinaziyang'ane n'komwe. M'rezini zikuyaka ngati nyali.

Ku Rosebank ndinapita ndi aPhilomena, atamanga duku lawo la kutchalitchi. Anati, "Tikalephera, tilephere titatchena." Mayi uja anatulutsa chimodzichimodzi, akuunika kudzuwa, akuvomera ndi mutu. Atafika pansi pa bokosi anaima. Anati, "Izi sindinaitanitse. Bwanji zina zofiira, zina zowala?" Bodza ndinalibe lokonzeka, ndiye ndinanena zoona. Ndinati, "Zofiirazi ndi za atate anga, iwo amasunga chitsulo mpaka chife. Zowalazi ndi za amayi anga, iwo salola kuti chinthu chichoke pakhomo pawo chili chakuda." Ndinafotokoza za mphasa, za mchenga, za amayi a Chigwirizano, za saladi. APhilomena Chizungu chawo n'chochepa, koma anathandiza ndi manja, kuonetsa kakwechedwe. Mayiyo anaseka mpaka kuvula magalasi.

Kenaka anatenga chofiira chimodzi ndi chowala chimodzi, anaziika moyandikana pawindo, n'kundifunsa kuti kwathu makolo timawaitana bwanji. Ndinamulembera ndekha pa timakhadi: ATATE, AMAYI. Pansi pake, Chadiza, Zambia, ndi dzina langa. Akugulitsa ziwiriziwiri, sakulola munthu kutenga chimodzi. Akuti sangalekanitse banja.

Dzulo anaimba foni ku golosale ya pansi pa nyumba yathu, mwini golosale anachita kukuwa dzina langa pa masitepe. Zowala zonse zatha. Zofiira zatsala zochepa, zopanda mnzake, ndipo akufuna mabelu ena msangamsanga. APhilomena akuti Atate atsala okha pawindo ngati ofedwa, Amayi muwamvere chisoni.

Amayi, munati bwenzi Atate ali ndi basi. Basi sindinagule, koma aStefano akubwera ndi envelopu yonenepa, nsapato zofewa za mwendo wanu, ndi botolo lalikulu la saladi lobweza uja. Ameneyu ndi wa ndiwo. Atate, zanu ndi pampu yatsopano ndi masipanala a m'bokosi. Feteleza wachiwiri mugule sabata lomwelo, musadikire kuti chaka chithe.

Amayi, munati simudzakhudzanso kanthu kanga. Ndikupempha mogwada. Atate afunefune mabelu kwa anzawo, inu muwakweche.

Pa Khirisimasi sindibwera, ndikhala ndikuthira.

Mwana wanu wokondwa,
Felicia

12 Januwale 1997

Okondedwa Atate ndi Amayi,

Chaka chabwino kwa nonse. Kathumba ka mabelu kafika, kouma bwino. Moni wanu Amayi wafikanso, pamodzi ndi funso lanu loti kodi mzunguyo akudziwa kuti belu la mkango munakwecha ndi inu, osati anzanu aManesi a ku Chigwirizano. Ndamuuza, akudziwa tsopano. Ine ndili bwino, chifuwa chachepa.

Abwana anadutsa ku Rosebank pa tchuthi, anaona pawindo. Fakitale itatsegulidwa Lolemba anandiitana mu ofesi n'kundipatsa mpando, chinthu chimene sichinachitikepo. Akuti tiiwale zakale. Ndibweretse ntchitoyi m'fakitale mwawo, andikweza ndikhale kapitawo, ndipo za mapepala anga adzathandiza. Zitsulo azigula konkuno kwa ogulitsa zakutha, dzimbiri tizipaka la utoto kuti zizifulumira. Ndinafunsa kuti pa kakhadi padzalembedwa dzina la yani. Anati la fakitale. Ndinati ndikaganize. Ndinaganiza kuchokera pa desiki pawo mpaka pachitseko.

Atate, tsiku lomwe mulandire kalatayi mupite kwa aHedi ku Zingalume. Muvale jekete. Muwathokoze kwambiri, anandisungira malo mwaulemu pamene ena akanapereka kalekale. Muwauze apatse wina msanga, ana asakhale opanda mphunzitsi wa sayansi chifukwa cha ine. Sindibwera kudzagwira choko.

Kuyambira tsopano matumba akhale awiri ulendo uliwonse. La Atate mumange nokha, Amayi asalione n'komwe. Mukwere njinga mufike kwa okonza anzanu ku Pembamoyo ndi midzi yonse ya kumeneko, mugule zakutha zawo asanamve kuti ku Joni zili ndi mtengo. Ayi, auzeni ndithu, muwalipire bwino, tidzawafunanso. La Amayi: mabelu, mavalavu, maloko akale, makiyi otayika mwini, zigwinjiri zothyoka, chilichonse chachikasu. Kwechani mmene mtima wanu ukufunira. Amayi a Chigwirizano azilipidwa, iyi si ntchito ya tchalitchi. Mukamaliza muyanike padzuwa, mukulunge m'nyuzipepala youma. Mafuta ayi. Atate, mzere umenewu mubwereze.

Musaganize kuti ndaledzera. Mapepala anga akadali m'njira, ndipo sitolo imodzi si msika, ndikudziwa. Chaka chino chisanathe ndikufuna masitolo a ku Durban ndi ku Cape Town, ndikufunanso kuyesa matebulo aakulu okhala ndi gudumu lathunthu m'kati. APhilomena akuti ndiyambe ndabweza mphika. Ndabweza, wamkulu kuposa uja.

Lachisanu ndinapinda ovololo ya abwana n'kuisiya pa desiki pawo. Dzulo ine ndi aPhilomena tinachita lendi garaja ya mayi wina ku Bez Valley, tinasesa, tinakhoma mashelefu, tinachotsa chitseko cha kumbuyo kuti mphepo izidutsa. Lero m'mawa, tisanapite kumsika, ndasakaniza rezini yanga, ndayala belu m'chikombole changa, ndathira.

Ine mwana wanu,
Felicia